Ana akuda m'makalasi apadera ku America: akuthandizidwa kapena akupatulidwa?

M'tauni ya Soledad, m'chigawo cha California ku America, anthu ambiri amagwira ntchito m'minda ikuluikulu ya ndiwo zamasamba, ndipo ochuluka mwa iwo makolo awo anachokera ku Mexico. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, akuluakulu a sukulu m'tauniyi anayeza nzeru za kamtsikana kena dzina lake Diana. Mafunso onse anali m'Chingerezi, chonsecho kunyumba kwawo ankayankhula Chisipanishi. Diana anapeza mapointi 30. Pa muyezo umenewu, wotchedwa IQ, munthu wamba amapeza cha m'ma 100, ndipo amene wapeza 30 amatengedwa kuti ndi wofunika womusamalira pa zinthu zambiri za tsiku ndi tsiku. Motero anamuchotsa pakati pa anzake n'kumuika m'kalasi ya ana amene ankati ndi ochepekedwa nzeru.

Katswiri wina wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri atamuyezanso, n'kumulola kuyankha m'chiyankhulo chimene akufuna, Diana anapeza 79. Mwanayo anali yemweyo, mutu wake womwewo. Ana 9 a m'derali ndi amene nkhani yawo inapita kukhoti mu 1970, ndipo ambiri mwa iwo atayezedwanso anadutsa malire amene anawaikitsa m'kalasi ija. Boma la California silinalimbelimbe. Linavomera kuti kuyambira pamenepo mwana aziyezedwa m'chiyankhulo chake.

Papita zaka zoposa 50, koma dziko la America silinathanebe ndi funso limene mlandu wa Diana unadzutsa. N'chifukwa chiyani ana a mitundu ina, makamaka akuda ndi ana a eni nthaka enieni a dzikolo, amachuluka m'makalasi apadera kuposa mmene chiwerengero chawo chilili m'sukulu? Akatswiri akangana kwambiri pa manambala. Ine ndikuona kuti mkanganowo waphimba funso lolemera kwambiri, lomwe ndi lakuti: mwana akalowa pakhomo la kalasi yapaderayo, amakapezamo chiyani?

Woyamba kuliza belu mwamphamvu anali mmodzi mwa eni ake a ntchitoyi. Lloyd Dunn, katswiri wolemekezeka pa maphunziro apadera, analemba mu 1968 kuti mwa ana 100 alionse a m'makalasi a ochepekedwa nzeru pang'ono, 60 mpaka 80 anali ochokera m'mabanja osauka ndi onyozeka, kuphatikizapo akuda, a ku Mexico, a ku Puerto Rico ndi eni nthaka. Anafunsa anzake poyera ngati zambiri mwa zimene ankachitazo zinali ndi chifukwa chomveka. Pasanapite nthawi, komiti yolangiza pulezidenti wa dzikolo inatulutsa lipoti lonena za mwana amene amakhala wochepekedwa nzeru kwa maola 6 okha patsiku, kuyambira pamene walowa m'kalasi mpaka poweruka. Akafika kunyumba amatumidwa kugolosale n'kubweza chenji cholondola, amalera ang'ono ake, amasewera ndi anzake bwinobwino, ndipo palibe aliyense pamudzi amene amamuona kuti ali ndi vuto.

Chinanso chinachitika mu 1973 chimene chimasonyeza kuti malire amenewa amalembedwa ndi anthu. Bungwe la akatswiri limene linkatanthauzira za kuchepekedwa nzeru linatsitsa malire kuchoka pa mapointi 85 kufika pa 70. Ndi cholembera chokha, anthu miyandamiyanda amene dzulo lake ankatchedwa ochepekedwa nzeru anasiya kutchedwa choncho.

Mlandu umene unagwedeza dziko lonse ndi wa Larry P., umene unayamba mu 1971 mumzinda wa San Francisco. Dzinali si lenileni, linaperekedwa pofuna kuteteza mwanayo. Iye ndi ana anzake asanu, onse akuda, anaikidwa m'makalasi a ochepekedwa nzeru chifukwa cha mayeso a IQ. Panthawiyo, ana akuda anali pafupifupi 10 pa ana 100 alionse a m'sukulu za California, koma m'makalasi amenewa anali 25 pa 100 alionse. Akatswiri a zamaganizo akuda a m'derali anawayezanso ana asanu ndi mmodziwo, pogwiritsa ntchito mayeso omwewo koma akufunsa m'mawu amene anawo ankawamva kwawo, ndipo onse anadutsa malire.

Limodzi mwa mafunso amene anakambidwa kwambiri m'makhoti linkafunsa mwana chimene angachite ngati mnzake wamng'ono kwa iye wayamba kumumenya. Yankho lopatsa mapointi linali lakuti achokepo kapena apewe ndewuyo. Koma mwana wokulira m'dera lovuta, amene amayi ake anamuuza kuti usalole munthu akugwire, amayankha kuti ndibwezera, ndipo woyeza amalemba kuti walakwa. Otsutsa mayesowa ankati apa chimene chayezedwa si nzeru, koma malo amene mwanayo wakulira.

Mu Okutobala 1979, Jaji Robert Peckham anagamula kuti mayesowa anali okondera, ndipo analetsa sukulu za California kuwagwiritsa ntchito poika ana akuda m'makalasi a ochepekedwa nzeru. Ambiri amakumbukira chigamulochi chifukwa cha mayeso, koma mbali imene imandikhudza kwambiri ndi imene jajiyu anafotokoza makalasiwo. Anawatcha msewu wosatulukira kulikonse. Khoti linamva kuti m'makalasimo cholinga sichinali kuthandiza mwana kuti akafanane ndi anzake n'kubwerera. Nthawi yambiri inkathera pa kuphunzitsa ukhondo wa pathupi, kavalidwe ndi timaluso ta pakhomo, pomwe kuwerenga ndi masamu zinkangokhudzidwa pang'ono. Chaka chilichonse mwana ankatsalira kwambiri, ndipo amene ankabwerera kukalasi wamba anali ochepa chabe.

Mu 2019, pulogalamu ya pawailesi yotchedwa Radiolab inamufunafuna Larry P. uja n'kumupeza ali bambo wa zaka pafupifupi 60. Anali akuvutikabe kuwerenga. Apa ndi pamene nkhaniyi imapweteka. Mwanayo analidi ndi vuto la kuwerenga ndipo ankafunikadi mphunzitsi waluso womukhalira pansi. Chimene analandira ndi dzina lolakwika ndi chipinda chopanda maphunziro. Mlandu unapambana, dzina lake lobisika linalowa m'mabuku a malamulo, koma palibe amene anamuphunzitsa kuwerenga.

Chaka chotsatira chigamulo cha Peckham, jaji wina ku Chicago, John Grady, anamva mlandu wofanana nawo. Anawerenga yekha mafunso onse a mayesowo, limodzilimodzi, n'kunena kuti ndi 9 okha amene angakhale okondera, choncho mayeso apitirire. Makhoti awiri, umboni wofanana, zigamulo zosiyana. Kusagwirizana kumeneku kulipobe mpaka lero.

Tisaiwale kuti lamulo la maphunziro apadera ku America linabadwa ngati chipambano chachikulu cha makolo. Chisanafike chaka cha 1975, ana aulumali oposa miliyoni imodzi sankaloledwa n'komwe m'sukulu za boma. Chaka chimenecho Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo lakuti mwana aliyense waulumali ali ndi ufulu wa maphunziro aulere omuyenerera. Kuyambira mu 1990 lamuloli limadziwika ndi dzina lakuti IDEA. Limati mwana aliyense wotere akhale ndi ndondomeko yakeyake yolembedwa, yotchedwa IEP, yomwe makolo ndi aphunzitsi amakonzera limodzi, ndiponso kuti aziphunzira pamodzi ndi anzake opanda ulumali mmene zingathekere. Lero ana oposa 7 miliyoni, pafupifupi 15 pa 100 alionse a m'sukulu za boma, amathandizidwa kudzera m'lamuloli. Kwa ambiri mwa iwo ndi dalitso lenileni: mwana wosamva amapeza womasulira chinenero cha manja, wachibwibwi amapeza katswiri wa kayankhulidwe, wovutika kuwerenga amapeza maola owonjezera.

Ziwerengero za boma za zaka zaposachedwapa zimasonyeza kuti mwa ana 100 alionse a eni nthaka, pafupifupi 19 ali m'maphunziro apadera. Mwa akuda ndi 17, mwa azungu cha m'ma 15, ndipo mwa ochokera ku Asia ndi 8. Poyang'ana koyamba, kusiyana kwa akuda ndi azungu sikukuoneka kwakukulu. Kumaonekera bwino mukafunsa kuti mwanayo wapatsidwa dzina liti. Lipoti la bungwe la National Research Council la mu 2002 linapeza kuti pa ulumali umene amaupeza ndi dokotala, monga kusaona, kusamva ndi kupuwala ziwalo, mitundu siisiyana kwenikweni. Koma pa magulu amene amadalira kuona kwa mphunzitsi ndi kwa woyeza, nkhani imasintha. Poyerekeza ndi mzungu, mwana wakuda anali ndi mpata woposa kawiri wotchedwa wochepekedwa nzeru, ndiponso mpata wokulirapo wotchedwa wosokonezeka maganizo ndi khalidwe. Maina awiri amenewa ndi omwenso kawirikawiri amachotsa mwana m'kalasi wamba kwa tsiku lonse.

Ndiye mu 2015 kunabwera kafukufuku amene anatembenuza nkhani. Paul Morgan ndi George Farkas, pamodzi ndi anzawo, anati kungoyerekeza chiwerengero cha akuda ndi cha azungu n'kulakwitsa. Muyenera kuyerekeza ana awiri ofanana pa zonse: makhozedwe awo m'kalasi, chuma cha makolo, kulemera kwawo pobadwa, khalidwe lawo. Atachita zimenezo anapeza kuti mwana wakuda ali ndi mpata wochepa wolandira thandizo lapadera poyerekeza ndi mzungu wofanana naye. Kwa iwo tsankho lilipo ndithu, koma ndi lomana, osati lokankhira.

Akatswiri anzawo anakwiya, ena n'kumati kafukufukuyu apatsa boma chifukwa chopindira manja. Koma mfundo yake siyotayika. Umphawi umadwalitsa. Ana akuda ku America amabadwa osakwana sikelo kawirikawiri kuposa azungu, ndipo ambiri amakhala m'nyumba zakale zokhala ndi penti ndi mapaipi a mtovu, chitsulo chimene chimaononga ubongo wa mwana. Zimene zinachitika mumzinda wa Flint ku Michigan kuyambira mu 2014, pamene madzi akumwa anaipitsidwa ndi mtovu mumzinda umene anthu ambiri ndi akuda, zikusonyeza poyera kuti vuto la kuphunzira likhoza kuyambira pampopi. Ngati ana a mtundu wina akuvulazidwa chotere asanayambe n'komwe sukulu, kuchuluka kwawo pakati pa ofunika thandizo sikungakhale kodabwitsa, ndipo kuwamana thandizolo pofuna kuti manambala aoneke bwino kungakhale kuwalakwira kachiwiri.

Kafukufuku wina wa m'chigawo cha Florida, wa Todd Elder ndi anzake, wofalitsidwa mu 2021, anathandiza kulumikiza mbali ziwirizi. Anapeza kuti mwana wakuda amene ali pasukulu yodzaza azungu amafulumira kutchedwa waulumali, pomwe mwana wofanana naye pasukulu yodzaza akuda amadutsa osaonedwa. Kwina akuoneka wosiyana ndi anzake ndiye akupatulidwa. Kwina onse akuvutika, aphunzitsi ndi ochepa, ndiye vuto lake likumira m'mavuto a onse. Pa matenda a autism zinalinso chimodzimodzi kwa zaka zambiri. David Mandell anapeza mumzinda wa Philadelphia mu 2002 kuti ana akuda ankadziwika kuti ali ndi vutoli mochedwa ndi chaka chimodzi ndi theka poyerekeza ndi azungu, ndipo kafukufuku wake wotsatira anasonyeza kuti ambiri ankayamba atchedwa kaye ana opulupudza. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, chaka ndi theka ndi nthawi yaitali zedi.

Choncho mbali zonse ziwiri zili ndi choona, ndipo mwana mmodzi yemweyo zikhoza kumugwera zonse: kuchedwa kuonedwa ali wamng'ono, kenako kupatsidwa dzina lolemera atakula n'kuyamba kuvuta. N'chifukwa chake ndimabwerera ku funso la chimene chili kuseri kwa chitseko. Taonani mmene mabanja opeza bwino amachitira. Amalipira akatswiri awoawo kuti ayeze mwana, amalemba maloya, amakakamiza sukulu kuti mwana wawo alowe m'maphunziro apadera, chifukwa akudziwa kuti kumeneko kuli mphunzitsi waluso ndi nthawi yowonjezera pa mayeso, mwanayo ali m'kalasi yomweyo ndi anzake. Palibe kholo limene limalimbirana chinthu choipa. Pomwe mayi wakuda wa m'dera losauka akamva mawu akuti maphunziro apadera, mtima umamugunda, chifukwa waona kumene ana a aneba ake anathera. Lamulo ndi limodzi, dzina la pulogalamu ndi limodzi, koma zimene ana awiriwa amalandira n'zosiyana kotheratu.

Chitsanzo choopsa cha mbali yachiwiriyi chili m'chigawo cha Georgia. Kumeneko boma lakhala likuyendetsa mapulogalamu 24 otchedwa GNETS, a ana amene amati ali ndi vuto la khalidwe, ndipo panthawi ina munali ana pafupifupi 5,000. Mu 2015 unduna wa zachilungamo wa dziko la America unafufuza n'kupeza kuti anawa ankapatulidwa popanda chifukwa chokwanira. Ena ankaphunzirira m'nyumba zakutha, zina mwa izo zomwe kale zinali sukulu za akuda okhaokha m'nthawi ya tsankho lovomerezeka ndi lamulo. Malo ambiri analibe laibulale, labotale ya sayansi kapena bwalo la masewera. Ana ena ankangokhazikidwa pakompyuta m'malo mophunzitsidwa ndi mphunzitsi wa phunzirolo. Kumene pulogalamuyi inali mkati mwa sukulu wamba, nthawi zina anawa ankalowera khomo lawolawo. Nyuzipepala ya Atlanta Journal-Constitution inawerengera mu 2016 kuti ana akuda anali 54 pa 100 alionse m'mapulogalamuwa, pomwe m'sukulu zonse za chigawochi anali 37. Chaka chomwecho unduna uja unasumira boma la Georgia. Zonsezi zinkachitika patapita zaka zoposa 60 khoti lalikulu la dzikolo litagamula, mu 1954, kuti kupatula ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo.

Mwana wotere ali ngati wodwala amene wagonekedwa m'chipatala chopanda mankhwala. Dzina la matenda wapatsidwa, pabedi waikidwa, kwa anzake wachotsedwa, koma chomuchiritsa palibe.

Gwero lina la zonsezi ndi ndalama. Mu 1975 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalonjeza kuti boma lalikulu lidzafika popereka gawo la 40 pa 100 la ndalama zowonjezera zofunika pophunzitsa ana aulumali. Lonjezoli silinakwaniritsidwepo, ndipo kwa zaka zambiri gawo limene limaperekedwa silifika ndi theka lomwe. Zotsalazo zimagwera zigawo ndi maboma ang'onoang'ono, ndipo mbali yaikulu ya ndalama za sukulu ku America imachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo. Dera la nyumba zodula limatha kulemba ndi kusunga aphunzitsi odziwa ntchito. Dera losauka limatsala ndi mipata yopanda aphunzitsi, kapena aphunzitsi amene sanamalize maphunziro a ntchitoyi.

Boma layesa kuthana ndi vutoli powerenga mitu. Kuyambira mu 2004, dera lililonse lopezeka kuti likuchulutsa ana a mtundu umodzi m'maphunziro apadera limayenera kupatula 15 pa 100 ya ndalama zake za IDEA kuti zithandize ana msanga asanafike pofunika dzina. Koma chigawo chilichonse chinasiyidwa kuti chidziikire chokha malire, ndipo ofesi yolondoloza ndalama za boma inapeza mu 2013 kuti madera pafupifupi awiri okha pa 100 alionse ndi amene anagwidwa. Boma la Barack Obama linakhazikitsa njira imodzi yowerengera mu Disembala 2016. Nduna ya zamaphunziro ya Donald Trump panthawiyo, Betsy DeVos, inaimitsa njirayi mu 2018, koma Jaji Tanya Chutkan anagamula mu Malichi 2019 kuti kuimitsako kunali kosatsata malamulo.

Kuwerenga n'kofunika, chifukwa popanda manambala makolo a ku San Francisco sakanakhala ndi umboni. Koma nambala ikasanduka cholinga imaononga. Ku Texas, kuyambira mu 2004, akuluakulu a maphunziro ankayembekezera kuti dera lililonse lisapitirire ana 8.5 pa 100 alionse m'maphunziro apadera. Nyuzipepala ya Houston Chronicle itaulula zimenezi mu 2016, kunadziwika kuti ana zikwizikwi anamanidwa thandizo limene ankayenera kulandira, ndipo mu 2018 boma lalikulu linanena kuti Texas inaphwanya lamulo.

Vutoli si la ku America kokha. Ku Britain, mphunzitsi wochokera ku Grenada, Bernard Coard, anatulutsa kabuku mu 1971 koulula mmene ana a anthu ochokera kuzilumba za Caribbean ankadzazidwira m'sukulu za ana otchedwa opereweredwa nzeru mumzinda wa London. Makolo akuda anayankha potsegula sukulu zawozawo za Loweruka, ndipo zina zilipobe. Ku Czech Republic, khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula mu 2007 kuti dzikolo linasala ana 18 a mtundu wa Roma a mumzinda wa Ostrava, kumene mwana wa mtunduwu anali ndi mpata woposa wa ana ena ka 27 wotumizidwa kusukulu yapadera. Paliponse pamene pali mtundu wonyozeka ndi chipinda chapambali, awiriwa amapezana.

Khoti lalikulu la America linaunika funso la ubwino wa thandizo mu 2017, pa mlandu wa mnyamata wa autism wa ku Colorado wotchedwa Endrew F. Makolo ake anadandaula kuti IEP yake inkangobwereza zolinga zomwezo chaka ndi chaka. Khoti laling'ono linali litanena kuti sukulu yakwaniritsa udindo wake bola mwana wapindulako kangachepe. Majaji onse a khoti lalikulu, motsogozedwa ndi John Roberts, anakana muyezo umenewo. Anati ndondomeko ya mwana iyenera kukonzedwa moti apitedi patsogolo malinga ndi mmene alili, ndipo ikhale ndi zolinga zomutukula. Chigamulo n'chabwino, koma banja la Endrew linali ndi mphamvu zomuchotsa pasukulu ya boma, kumulipirira sukulu ina ndi kumenya mlandu kwa zaka zambiri. Mayi amene amagwira ntchito ziwiri, ndipo msonkhano wa IEP wauika 10 koloko m'mawa, alibe mphamvu zimenezo. Amafika m'chipinda n'kupeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi atakhala kale patebulo, mapepala atalembedwa kale, cholembera chili poti asaine.

Abale athu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene akulera ana ku America akhoza tsiku lina kukhala patebulo limeneli, ndipo pamapepala a sukulu mwana wawo amawerengedwa ngati wakuda basi. Ambirife tinaleredwa kuti mphunzitsi sayankhidwa, ndipo ena timachita manyazi ndi mawu akuti ulumali moti timakana ngakhale thandizo labwino. Zonse ziwirizi zimamupweteka mwana. Lamulo la IDEA limati sukulu singayeze mwana koyamba kapena kumuyambitsa maphunziro apadera popanda chilolezo cholembedwa cha kholo. Limati mwana ayezedwe m'chiyankhulo chimene chingasonyeze bwino zimene akudziwa, ndiponso kuti kusadziwa bwino Chingerezi pakokha si ulumali. Kholo losakhutira ndi zotsatira lili ndi ufulu wopempha kuti katswiri wina wosakhala wa sukuluyo ayezenso mwanayo pa ndalama za boma, komanso wobwera ndi womasulira kapena munthu wina womudalira kumsonkhano. IEP imaunikidwanso chaka chilichonse, ndipo mwana amayenera kuyezedwanso pasanathe zaka zitatu. Asanasaine, kholo lifunse kuti mwana azikhala maola angati patsiku ndi anzake a m'kalasi wamba, amene azimuphunzitsa kuwerenga ndi ndani ndipo anaphunzira chiyani, ndiponso kuti pakutha pa teremu adzaonetsa chiyani chosonyeza kuti mwanayo wasuntha. Mayankhowo alembedwe m'pepala momwemo.